Njerwa 120: Mbiri ya Luso Lopanda Zokometsera

Mwezi wa August ukafika, cimanga cili m'nkhokwe ndi fodya atapita ku msika, anthu a ku Nsaru ndi midzi ya kwa Kabudula atembenukira ku nchito ya njerwa. Amuna akumba dothi pa culu, anyamata aponda matope, wina aumba ndi cikombole, ndipo njerwazo aziyala pabwalo m'mizere yoongoka kuti ziume zisanalowe mu uvuni. Munthu wopita pa njinga aziona koma saima ai, pakuti njerwa ndi njerwa basi, ndipo ulemu wace udzaoneka tsiku limene zidzasanduka khoma. Mwini njerwazo akamva kuti ku London nyumba yosungiramo zithunzi ndi zosema za dziko lonse la Britain, yochedwa Tate Gallery masiku amenewo, inagula njerwa 120 zoyalidwa pansi popanda matope kapena simenti m'caka ca 1972, nilipira mapaundi 2,297, angaseke ndi kunena kuti Azungu apenga. Asadziyese mbuli cifukwa ca kusekako, pakuti Angerezi eni ace anaseka, ndi ena anakwiya ndithu.

Komatu njerwa zimenezo zili ndi mbiri yaitali. Luso lace alicha Minimal Art, kapena Minimalism, mau ocokera ku liu la Cilatini lonena cinthu cocepetsetsa. Mmisiri wa luso limeneli acotsa ciliconse cimene angathe kucotsa, ndico cifaniziro ca munthu kapena ca nyama, nthano, zokometsera, ngakhale cizindikiro ca dzanja lace lomwe, kufikira patsala cinthu cokha ndi kukula kwace, kulemera kwace, ndi malo amene cakhala. Mphunzitsi wa ku Malawi ayenera kuidziwa mbiri imeneyi, cifukwa m'mapanga a ku Dedza muli zolembedwa zakale zimene poziona msanga zifanana ndi luso limeneli, ndipo ana a sukulu ayenera kuuzidwa zoona za kufanana kwace ndi za kusiyana kwace komwe.

MIZU YACE KU ULAYA

Kwa zaka mazana ambiri wojambula wa ku Ulaya anali kutamandidwa cifukwa ca kufanizira: akajambula mfumu, anthu aizindikire, akajambula zipatso, munthu alakelake kuzithyola. Koma m'caka ca 1839 makina ojambulira, amene lero achedwa kamera, analengezedwa ku Paris, ndipo posapita zaka zambiri anali kucita m'kanthawi nchito imene inali kutengera mmisiri miyezi. Pamenepo ojambula ena anayamba kudzifunsa kuti, ngati kufanizira kwalandidwa ndi makina, catsalira mmisiri nciani?

Yankho lolimba mtima koposa linacokera ku Russia. M'mwezi wa December 1915, caka comwe John Chilembwe anaukira boma la atsamunda ku Chiradzulu, Kazimir Malevich anaonetsa mu mzinda wa Petrograd cinsalu coyera, pakati pace atapaka cinthu cakuda bii, ca ngondya zinai ndi mbali zinai. Munalibe nkhope, mtengo kapena phiri. Anacipacika pamwamba m'ngondya ya cipinda, malo amene Akristu a ku Russia aikapo zithunzi zopatulika m'nyumba zao, ndipo onse olowamo anazindikira kuti munthuyo sanali kuseleula. M'caka ca 1918 anapitirira pamenepo, napaka coyera pamwamba pa coyera cinzace.

Ku Holland, Piet Mondrian ndi Theo van Doesburg anayamba gulu lochedwa De Stijl m'caka ca 1917. Mondrian anadziikira lamulo lakuti mizere yace ikhale yoimirira ndi yopingasa yokha, ndi mitundu ya utoto ikhale yofiira, yacikasu ndi yabuluu, pamodzi ndi yakuda, yoyera ndi yotuwa. Ku Germany, Walter Gropius anatsegula sukulu ya Bauhaus mu mzinda wa Weimar m'caka ca 1919, kumene ophunzira anauzidwa kuti mpando, cikho kapena nyumba zikongole ndi mapangidwe ace ndi nchito yace, osati ndi maluwa omata pamwamba. Wosema wa ku Romania, Constantin Brancusi, mwana wa mlimi amene anakula akusema mitengo, anatenga cibulumwa ca mtundu umodzi nacibwereza cimodzi pamwamba pa cinzace, kufikira m'caka ca 1938 anaimika ku Târgu Jiu mzati wacitsulo wa mamita pafupifupi 30, cikumbutso ca asilikari amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Koma mbeu imeneyi inazulidwa m'munda umene inamera. Boma la Stalin linafuna zithunzi za anchito ndi atsogoleri zokha, ndipo boma la Hitler linapanikiza sukulu ya Bauhaus kufikira inatsekedwa m'caka ca 1933. Mphunzitsi wace Josef Albers anathawira ku America caka comweco, ndi Mondrian anafika ku New York m'caka ca 1940. Cotero nkhanza ndi nkhondo zinacita monga madzi osefukira, amene azula nzimbe kumtunda nakaibzala m'dimba la munthu wina.

ANYAMATA A KU NEW YORK

Itatha nkhondo yaciwiri, ojambula ochuka ku New York anali a mtundu wa Jackson Pollock, amene anali kuyala cinsalu pansi ndi kudonthezapo utoto, anthu namtama kuti akhuthula zonse za mumtima mwace. Acinyamata ena anatopa nazo nkhani za mumtimazo. M'mwezi wa December 1959, mnyamata wa zaka 23, Frank Stella, amene anali kupeza ndalama ya cakudya popenta nyumba za anthu, anaonetsa ku Museum of Modern Art zinsalu zinai zazikuru za mizere yakuda yolingana, yopakidwa ndi penti wa nyumba ndi burashi ya openta nyumba. Pofunsidwa tanthauzo lace, anayankha kuti kuseri kwa utotowo kulibe kanthu kobisika, ndipo cimene diso laona ndico comwe cilipo.

Anzace anasiya cinsalu natenga zinthu za m'sitolo. M'caka ca 1963 Dan Flavin anagula nyale yamagetsi yaitali yonga ndodo, ya mtundu umene uunikira m'maofesi, naipacika copendekera pakhoma, nati nchito yatha. Robert Morris anakhoma mabokosi akuru a matabwa nawapaka utoto wotuwa. Donald Judd anali kulemba miyeso papepala ndi kupita nayo kwa amisiri a malata kuti ampangire mabokosi acitsulo, amene iye anawamangirira pakhoma limodzi pamwamba pa linzace, mpata wace wolingana. Carl Andre, amene anagwira nchito pa sitima za katundu kuyambira 1960 kufikira 1964 akuona njanji ndi ngolo zofanana tsiku ndi tsiku, ananena kuti cosema siciyenera kuimirira monga fano pa guwa, koma cigone pansi monga mseu.

Cimene anthu amenewa anafuna cinali ici: munthu wolowa m'cipinda, posapeza nthano yoti aitsate kapena nkhope yoti aizindikire, ayambe kusamala zimene masiku onse azinyalanyaza, ndizo kukula kwa cinthu poyerekeza ndi thupi lace, kugwa kwa kuwala, ndi kusintha kwa maonekedwe pamene iye acizungulira. Dzina la Minimal Art linafala kucokera ku nkhani imene wanzeru wa ku Britain, Richard Wollheim, analemba m'caka ca 1965, cinkana Judd ndi anzace analikana dzinalo, pakuti linamveka ngati kuwanena ulesi. Cionetsero cimene cinawachukitsa cinali Primary Structures, ku Jewish Museum m'caka ca 1966, ndipo amene anacikonza anali Kynaston McShine, mbadwa ya ku Trinidad.

Otsutsa sanacedwe. M'caka ca 1967 Michael Fried analemba kuti zinthu zimenezi zifanana ndi sewero, limene silikhala kanthu popanda oonerera, ndipo cifukwa ca ico siziyenera kuchedwa luso loona. Komanso dzina limodzi linaphimba anthu osiyana mitima. Mai Agnes Martin, wobadwira ku Canada, anali kulemba ndi pensulo timizere tosawerengeka topingasana pa cinsalu cacikuru, ndi dzanja lace lomwe, ndipo iye ananena poyera kuti nchito yace inali ya cimwemwe ndi mtendere wa mumtima, zinthu zomwezo zimene anyamata aja anati azitaya.

M'MAIKO ENA

Mabuku ambiri asimba ngati luso limeneli linabadwira ku New York ndi kugawidwa kwa ena monga mbeu ya boma. Zoona zace n'zakuti linayenda njira zambiri, ndipo paliponse linafika linasintha. Ku Germany, Konrad Fischer anatsegula nyumba yace ya zionetsero mu mzinda wa Düsseldorf m'caka ca 1967 ndi nchito za Andre, ndipo caka cotsatira ku The Hague kunacitika cionetsero cacikuru cochedwa Minimal Art. Koma Mai Charlotte Posenenske wa ku Germany komweko anapanga zidutswa za malata zonga mipope ya mpweya, nazigulitsa pa mtengo umene zinapangidwira, nalola wogula azilumikize monga afunira. M'caka ca 1968 anasiya luso lonse, poona kuti silikuthandiza kuthetsa mabvuto a anthu, nayamba kuphunzira za moyo wa anchito.

Ku Brazil anali atayamba kale pa okha. M'caka ca 1959 gulu la ku Rio de Janeiro linalengeza kuti mizere ndi ngondya siziyenera kukhala zouma ngati masamu, ndipo m'caka ca 1960 Mai Lygia Clark anapanga zidutswa zacitsulo zolumikizidwa ndi mahinjesi, zimene woonerera anayenera kuzigwira ndi kuzipinda yekha. Ku Japan, m'mwezi wa October 1968, Nobuo Sekine anakumba dzenje lozungulira mu mzinda wa Kobe, kuya kwace mamita 2.7 ndi kupingasa kwace mamita 2.2, naumba dothi lonse locokamo pambali pace m'maonekedwe a dzenje lomwelo, kotero kuti munthu anaona cimene cacotsedwa ndi malo amene cacoka nthawi imodzi. Apo panayambira gulu la Mono-ha, limene mtsogoleri wa maganizo ace anali Lee Ufan wa ku Korea. Iwo anakonda mwala, dothi, thonje ndi mtengo monga zinalengedwera.

Nkhani ya Rasheed Araeen ili ndi phunziro lowawa. Iye anali injiniya wa ku Karachi, nafika ku London m'caka ca 1964, ndipo m'caka ca 1965 anali kupanga kale zoimika za timitengo topingasana, zofanana mbali zonse. Eni nyumba za zionetsero sanamsamale kwa zaka zambiri, pakuti anayembekeza kuti munthu wa ku Pakistan abwere ndi zokometsera za kwao. Iye anayamba magazini ya Third Text m'caka ca 1987, ndipo m'caka ca 1989 anakonza cionetsero ca The Other Story ku Hayward Gallery, kuti amisiri ocokera ku Africa, Asia ndi Caribbean alembedwe m'mbiri imene anaithandiza kumanga.

Tsono njerwa zija. M'caka ca 1966 Andre anayala milu isanu ndi itatu, uliwonse wa njerwa 120 zosanjikizana ziwiriziwiri, koma uliwonse wa m'litali ndi m'lifupi mosiyana, kuti aonetse kuti zinthu zolingana m'ciwerengero ndi m'kulemera zingathe kuoneka zosiyana kotheratu. Umene Tate inagula unali wacisanu ndi citatu, Equivalent VIII. M'mwezi wa February 1976 nyuzipepala za ku London zinafunsa cifukwa cace ndalama za msonkho zinagulira njerwa, ndipo munthu wina wokwiya anazithira utoto wabuluu. Mkanganowo unazichukitsa koposa zosema zambiri za mtengo wapatali. Ndipo patapita zaka zisanu ndi cimodzi anthu anaona cimene luso lopanda zokometsera lingathe kucita, pamene mu 1982 ku Washington anatsegula cikumbutso ca asilikari a America amene anafa ku Vietnam, cimene anacilinganiza Maya Lin ali wophunzira wa zaka 21. Ndico makoma awiri a mwala wakuda wosalala, olembedwa maina pafupifupi 58,000, popanda kavalo kapena mfuti. Anthu amene poyamba anacinyoza anapeza kuti pamenepo munthu alira momasuka, cifukwa palibe cina comuuza mmene ayenera kumvera.

MIZERE YA AKAFULA

Munthu wocoka ku Nsaru, kupyola mzinda wa Lilongwe ndi kutsata mseu wa ku Dedza, afika ku mapiri a Chongoni, kumene kuli malo 127 a zolembedwa pa miyala, amene bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa cuma ca dziko lonse lapansi m'caka ca 2006. Zakale koposa ndi zofiira, ndipo akatswiri azigwirizanitsa ndi Akafula, kapena Abatwa, alenje afupiafupi aja amene nthano za Acewa ziwacha Amwandionerapati. Pa Mphunzi ndi pa Chencherere, pamene J. Desmond Clark anafukula pansi m'caka ca 1972, pali mikombero ina m'kati mwa inzace, mikombero ya ceza ngati dzuwa, mizere yoyendera pamodzi, madontho a m'mizere, ndi zonga makwerero. Zoyera zinadza pambuyo pace, zopakidwa ndi cala ndi dothi loyera, ndipo ndi za Acewa: zina za cinamwali, zina za nyau.

Wophunzira amene waona zithunzi za Stella kapena za Agnes Martin m'buku, akaima pansi pa thanthwe la Mphunzi, angagwe m'kulakwa kwa mitundu iwiri. Kulakwa koyamba ndiko kunena kuti Akafula analemba mizere cifukwa sanathe kujambula nyama. Icico sicoona, pakuti ku Kasama m'dziko la Zambia zifaniziro zofiira za nyama zipezeka m'matanthwe a dera lomwelo limene muli mikombero ndi madontho. Mizereyo inali yosankha dala. Kulakwa kwaciwiri ndiko kudzitama kuti Minimalism inayambira ku Dedza. Icinso sicoona, pakuti mizu ya Judd ndi anzace inali kwa Malevich, kwa Brancusi ndi m'mafakitale a ku America.

Kusiyana kweni kweni kuli m'cimene cinacepetsa zolembazo. Mtolo ungacepe cifukwa mwini wace watayako katundu, ndipo ungacepenso cifukwa waumanga zolimba. Judd anataya tanthauzo dala, kuti bokosi likhale bokosi cabe. Wolemba wa pa thanthwe anamanga tanthauzo lambiri m'cizindikiro cimodzi, monga mwambi usenza mlandu wathunthu m'mau anai. Akatswiri ena ayesa kuti zofiirazo zinali za mvula, za kubala ndi za miyambo ya akazi. Ndipo za zoyera za cinamwali kudziwika kuti zinali zothandiza anamkungwi polangiza, kuti namwali akaona cizindikiro akumbuke mwambo wace. Kwa mlendo zinali mizere cabe, koma kwa wolangizidwa zinali buku. Cotero njira ziwirizi zikomana pa maonekedwe, koma zacokera ku mbali zosiyana.

Ziwiya za pamudzi zili ndi njira yacitatu. Mtondo ulibe cokometsera ciliconse, koma m'ciuno mwace, kulemera kwa tsinde lace ndi kuya kwa kamwa lace zinalinganizidwa ndi mibadwo ya akazi osinja. Mizati ya cigafa iima pa mipata yolingana monga mabokosi a Judd, koma cifukwa cace ndi kuti mphepo ipite bwino pakati pa fodya. Mkombero wa licero, mimba ya mbiya ndi nsungwi zolukana za nkhokwe zikwaniritsa cimene aphunzitsi a Bauhaus anabvutika kuphunzitsa ndi mau ambiri. Makolo anadziwa kale kuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

PHUNZIRO KWA APHUNZITSI

Kawirikawiri pa phunziro la zojambula mphunzitsi atama mwana amene wakopera ndege kapena galimoto ndi mitundu yonse ya makrayoni, nadzudzula mnzace amene wadzaza pepala ndi mizere yolongosoka, namuuza kuti sanajambule kanthu. Mwana wotere aphunzira kuti cinthu copanda zokometsera ndi copanda pace. Zotsatira zace zioneka ku Chongoni komweko, kumene alendo ena alemba maina ao ndi makala ndi coko pamwamba pa zolembedwa za Akafula, osati cifukwa ca nkhanza, koma cifukwa palibe anawauza kuti pathanthwepo palembedwa kale kanthu. Cimene cafafanizidwa pamenepo palibe fakitale ingathe kucipanganso.

Mankhwala ace safuna utoto wogula, umene sukulu zambiri za kumudzi zilibe. Mphunzitsi wa ku Nsaru, ku Nambuma kapena ku Namitete angabwereke njerwa 120 kwa woumba wa pafupi, nauza ana azisanje ziwiriziwiri pabwalo: poyamba mizere 3 ya njerwa 20, kenaka mizere 4 ya 15, kenaka 5 ya 12, ndi potsiriza 6 ya 10. Pa kusanja kulikonse anawo auzungulire muluwo, aupenye ataima ndi atakhala pansi, m'mawa ndi madzulo pamene mthunzi watalika, ndipo anene cimene casintha cinkana ciwerengero sicinasinthe. M'phunziro limodzi adzakhala atagwira masamu ndi luso pamodzi. Tsiku lina awalembere pa bolodi mkombero wa ceza wa ku Mphunzi, nawafunse cimene munthu angasungemo, ndi cifukwa cace makolo anasankha kulemba zocepa pamene zonena zinali zambiri. Tsiku lacitatu abwere ndi mtondo wakale, anawo apeze okha cifukwa ca mbali yace iliyonse.

Phunziro litatha, njerwazo zibwezedwe kwa mwini wace. Andre nayenso anacita comweco: njerwa zace za 1966 zitasowa ogula, zambiri anazibweza kumene anazigula, ndipo zimene zili ku London anazisanja kaciwiri m'caka ca 1969. Woumba wa ku Nsaru adzamanga nazo nyumba yace monga anafunira poyamba, koma ana amene anazisanja akadzapita pa bwalo loyanikapo njerwa m'mwezi wa August, mwina mmodzi wa iwo adzatsika pa njinga.